Mlatho Wopanda Munthu

Yangzhou,
mwezi wachisanu ndi chiwiri, chaka cha nkhumba.

Okondedwa achimwene a Dunli,

Landirani moni wa ine mlongo wanu Shulan. Kodi muli bwanji kumeneko ku Shexian, inu, mlamu wanga ndi ana? Nanga chifuwa chija chimakugwirani nyengo yowotcha mwaye, chinakusiyani? Ndikakumbuka mmene munkatulukira m'nyumba ya utsi muli bii, mano okha ali mbee, ndimada nkhawa. Inki yanu yatchuka mpaka kuno, koma musaiwale kuti mapapo muli nawo awiri okha.

Kuno tilipo. Ndikati tili bwino ndinama, ndikati tili moipa ndinamanso. Mvula chaka chino yachita kunyanya, ngalande zadzaza mpaka pamakomo, ndipo chinyontho chalowa paliponse. Ndimakhalira kufunyulula mipukutu ya zithunzi za bambo ndi kuiyanika pamthunzi kuti isachite chuku. Alamu anu a Fang ali bwino, malonda a tiyi akuyenda, kungoti mimba ikukula msanga kuposa sitolo. Mwana wanga Ayun anadwala chikuku koma wachira, wayambiranso kusowetsa anthu mtendere.

Nsomba zovunditsa zija munatumiza ndi a Cheng onyamula tiyi zinafika. Nditazikazinga, anansi athu anatuma wantchito kudzafunsa ngati mphaka wafera pansi pa nyumba yathu. Anthu a kuno sadziwa chakudya. Bambo sanafunse kuti watumiza ndani, inenso sindinanene, koma anadya mpaka kuyamwa minga, n'kupempha kuti msuzi wotsala ndiwasungire.

Achimwene, nkhani imene yandigwiritsa burashi yolembera lero ndi ya bambo omwewo. Diso lakumanzere linatha kale ndi ng'ala, izi ndinakuuzani chaka chatha. Tsopano lakumanja nalo layamba kuchita chifunga. Sing'anga wabaya masingano, wapereka mankhwala omwera, koma tsiku lina anandiitanira pabwalo n'kundiuza kuti chisanu chikamadzafika bambo adzangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Miyendo nayo yatupa, moti kuchoka pakama kufika patebulo amachita kutsamira paphewa langa. Za ulendo wobwerera kwathu tiiwale, sangafike ndi ku Hangzhou komwe, kumene ndi panjira chabe.

Sindikufuna kutosa chilonda, koma palibe polambalala, ndiyenera kutchula za mtengo wa paini uja unali pamwamba pa nyumba yathu. Bambo ankauyang'ana m'mawa uliwonse chiyambire unyamata wawo, atakhala m'kachisakasa kaja, osalankhula ndi munthu, asanagwire burashi. Ankati ndiwo mphunzitsi wawo. Mukukumbuka mmene ankatikhazikira ifenso pamenepo tili ana, ati musajambule kanthu kufikira mbalame zitakuiwalani? Inu munkatha kukhala phee mpaka dzuwa kukwera, ine ndinkangokanda miyendo ndi kuganiza za mpunga.

Mphezi itaung'amba mtengowo, inu munaona kuti wauma mbali imodzi ndipo tsiku lina udzagwera denga, komanso kuti paini wokalamba chotero ndiye amatulutsa mwaye wabwino wopangira inki. Munaudula iwo ali kumapiri. Sindikuti munalakwa. Ndimangokumbuka nkhope yawo atabwera n'kupeza chitsa, ndi mawu aja akuti mwana amene wawotcha mphunzitsi wa bambo ake asadzagwirenso pepala lawo. Anamanga katundu sabata yomweyo kubwera kwa ine kuno. Chibuma choyamba cha inki yochokera mumtengowo, chimene munawatumizira, anachibweza osamasula ndi nsalu yomwe.

Chimene mwina simukudziwa ndi ichi: chichokereni kwathu, m'zithunzi za bambo simunalowepo munthu. Kale lija iwo ankajambula mapiri, madzi ndi mitengo, n'kukusiyirani inu malo oti muikepo tianthu tanu tija, tating'ono ngati njere ya mpunga, kaya msodzi, kaya wosenza nkhuni, kaya mkulu wa ndodo pamlatho. Ankatiuza kuti phiri lopanda munthu silidziwika kutalika kwake, ndiponso kuti woona chithunzi amalowera pa kamunthuko. Kuno mapiri akhala akujambula ndithu, abwino kuposa akale, koma njira zili zii, mabwato ndi omangirira, tizisakasa topanda wokhalamo. Anthu a m'tauni muno zimenezi azikonda koopsa. Amati ndi zithunzi za munthu amene mtima wake unapuma.

Mapiri kuno kulibe, mukudziwa. Zenera la bambo limayang'ana khoma la anansi. Olemera a kuno amaunjika miyala m'minda yawo ya maluwa n'kumati ndi phiri. Wina anawatumizira bambo machira kuti akaone lake, anapita, anayang'ana, pobwera anandiuza kuti aona phiri la nkhuku. Sanavomerenso kupita kwina.

Chiyambire chaka chatsopano akhala pa mpukutu umodzi wautali. Amati akale ankanena kuti miyendo ikakana, munthu ajambule mapiri ake n'kumayenda ali chigonere. Mpukutuwo ndi ulendo wochoka kuno kupita kwathu. Umayamba ndi ngalande ndi misondodzi ya kuno, kenaka mtsinje wathu ndi miyala yake, kenaka pepala loyera lalitali ndithu, pamene pali nkhungu yokhayokha, ndipo ukatuluka m'nkhungumo umangoona phiri lathu laima. Ine ntchito yanga ndi kupera inki ndi kukhala chete. Masiku ena amatha m'mawa wonse akuyang'ana pepala, n'kuika mzere umodzi, n'kuti basi, tayenda kwambiri lero.

Masana akagona amandiuza kuti ndiwafunyululire mpukutuwo pafupi ndi nkhope. Ndiye amayenda, akutchula malo ngati munthu amene ali m'bwato, ati apa tigula nkhanu, apa tidikira mphepo, apa ndi pamene mayi ako anataya chipeso m'madzi. Koma ndinaona kuti nthawi zonse akafika pankhungu paja amati kulunga, kwada. Kumapeto kwa mpukutu, kumene kuli mudzi wathu, ankajambula ine ndili kukhitchini, ndipo poyenda sankafikako.

Mwezi watha alamu anu anaitana a Min, mkulu wa malonda a mchere amene amagula zithunzi, pamodzi ndi anzawo awiri. Anasamba m'manja, anakhala mozungulira tebulo, a Min n'kumafunyulula pang'onopang'ono kuchokera kudzanja lamanja, akaona akulunga, akaona akulunga. Tiyi anazizira m'makapu, ndinachita kuwiritsanso wina. Atafika pankhungu a Min anaima nthawi yaitali, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. Pomaliza anati mtima wawo, umene umangowerenga matumba usana ndi usiku, wagona pansi koyamba chaka chino. Ati taonani anzanga, palibe msodzi, palibe wapaulendo, ngakhale galu, wajambula izi dziko analisiya kalekale. Anapempha kuti bambo adinde chidindo chawo tsiku lomwelo, mpukutu apite nawo.

Bambo anaseka pang'ono. Anati a Min, inu mwaonamo mtendere chifukwa mwabwera mutakhuta, wanjala akanayamba kuona kuti panyumba ili kumapetoyo sipakufuka utsi. A Min ndi anzawo anagwedeza mitu, kuyesa ndi nzeru zakuya, mmodzi mpaka anapempha kuti mawuwo alembedwe kumapeto kwa mpukutu. Bambo anakana zonse ziwiri, kulemba ndi kudinda komwe. Mwambo wawo mukuudziwa: chidindo chikangotera papepala, chithunzi chatha, palibenso burashi yolowamo, ngakhale kuika kadontho.

Alendo atapita alamu anu anapsa mtima. Anati apongozi, mpunga wapsa, mukufuna upserere? Munthu wamkulu ngati amene uja sabwera kawiri pakhomo la wogulitsa tiyi. Bambo anayankha kuti apongozi, inu gulitsani masamba anu ouma, zamapiri musiyire eni ake, mukanakhala kuti mumadziwa kudikira tiyi wanu sakanamawawa chonchi. Anakhala osalankhulana mpaka mawa lake masana, pamene nsomba zanu zija zinawagwirizanitsa. Alamu anu musawaone ngati munthu woipa. Asunga bambo zaka zonsezi osadandaula, kungoti kwa iwo chinthu chikatha chimayenera kuchoka pashelefu.

Ine ndiye mawu a utsi aja anandibaya. Zaka zonsezi ndakhala pambali pawo ndikupera inki, ndikumva alendo akutama bata la m'zithunzi zawo, nanenso n'kumanyadira kuti bambo anga anapeza mpumulo. Kuyesa ndi bata, chikhalirecho ndi kusungulumwa. Ndinkadziuza kuti nkhani ya mtengo idzazirala yokha. Inu ndinkakulemberani za mvula ndi za mano a mwana, inunso n'kumandiyankha za mwaye ndi guluu, tonse kulambalala. Ndikudandaula, achimwene, ndikudandaula kwambiri. Maso a bambo aja anali akuthwa, miyendo inali yolimba, mabwato ankapita ndi kubwera chaka ndi chaka. Tinaopa kudzutsa mkangano, ndiye taonani pamene tafika.

Patapita masiku angapo, m'mawa kutawala bwino, bambo anandiuza kuti ndifunyulule mbali yomaliza ija. Ati iwe Shulan, maso ako ndi aulere, tandiuza zimene ukuona, koma usandinamize. Ndinayamba kutchula mathithi, munda wa tiyi wa azakhali, manda a mayi pansi pa nsungwi, denga lathu, kachisakasa. Ati nanga pamwamba pa kachisakasa? Achimwene, ajambula chitsa. M'zithunzi zonse za kuno mtengo uja ankauika wathunthu, ndi nthambi zake zonse, ngati kuti nkhwangwa sinaukhudze. Apa ajambula chitsa chenicheni, ndi mng'alu wa mphezi womwe, wotsika mpaka kumizu. Anati akhala akuuona mtengowo m'mutu zaka zonsezi, koma maso atayamba kuzima ndi pamene anaona kuti unali utafa kale mbali imodzi.

Kenaka anagwira chala changa n'kuchitsitsa kumlatho wathu wamatabwa uja, wolowera pakhomo. Pakati pa mlathowo pali malo oyera, ochepa ngati chikhadabo, pamene sanapakepo kanthu. A Min ndi anzawo anayesa ndi nkhungu. Si nkhungu ayi, ndi malo a munthu.

Anatulutsa zimapepala zimene anabisa pansi pa mkeka, mmene akhala akuyesera okha kujambula kamunthuko. Ndi madontho okhaokha. Anayamba ndi iwo omwe kuseka, ati taona, ntchentche zagwera mumsuzi. Ine kuseka kunandikanika. Ndinati bambo, bwanji ndijambule ine, pajatu nanenso munandiphunzitsa. Ati iwe anthu ako onse amaoneka ngati achedwa kumsika. Ndinati nanga ojambula adzaza m'tauni munowa? Ati amenewo amajambula mikanjo yoyenda yokha. Kenaka anati kale panali wina amene ankati akagwetsa timizere titatu, kamunthuko unkachita kukamva kupuma. Dzina sanatchule. Chichokereni kwathu dzina lanu silinatulukepo pakamwa pawo, koma tsiku limenelo linatsala pang'ono.

Bambo alonjeza alamu anu kuti adzadinda pa tsiku la chikondwerero chokwera mapiri, lachisanu ndi chinayi la mwezi wachisanu ndi chinayi. Ati likadzapita tsikulo sadzaonanso pamene chidindo chikutera, ndipo safuna kuti munthu adzawagwire dzanja ngati mwana. Chidindocho amagona nacho m'thumba la mkanjo. A Min adzabwera ndi vinyo wamaluwa kudzatenga mpukutu, ndipo ngati malo aja adzakhale akadali oyera, udzapita choncho. Ukakhala m'bokosi la wamchere, anthu azikatama mtendere wake mpaka zidzukulu, popanda wodziwa kuti mwini wake anali kudikira munthu.

Ndinawafunsa bambo maso ndi maso ngati ndingakulembereni. Anati usalembe, munthu amene ali ndi ng'anjo zoyaka sangasiye moto chifukwa cha nkhalamba. Ndinati chabwino, sindilemba. Sipanapite nthawi, ali kodi bwato la a Cheng linyamuka liti? Ndinawauza kuti mkuja. Ati ndimangofunsa. Chakumadzulo anafunsanso ngati madzi a mtsinje wathu amakhala atatsika mwezi wachisanu ndi chitatu, kuti munthu wotsika nawo asavutike pamiyala. Ndinati sindikudziwa. Ati ndimangofunsa.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Bwerani. Ndikudziwa kuti nyengo ya ntchito yayandikira, ndikudziwanso kuti nanunso muli ndi bala lanu, poti munakalipiridwa pamaso pa antchito anu ndipo mphatso yanu inabwezedwa ngati ya mlendo. Sindikuti mubwere kudzagwada. Bambo sadzapepesa ndi pakamwa, mumawadziwa, inunso simudzapepesa, poti nonse munadulidwa ku nsungwi imodzi. Ingobwerani ndi kaburashi kanu kakang'ono kaja, ndi chibuma cha inki chija anabweza. Mlamu wanga anandiuza kale kuti simunachigulitse, chikadali m'nsalu yake pansi pa bokosi la zovala, ndipo musamukalipire chifukwa ndinachita kumufunsa ndine. Madzi akatayika saoleka, mtengo uja sudzaimanso, koma mwaye wake ungathe kulowa m'chithunzi cha kwawo. Musatumize inki yokha, inki ilibe manja.

Mukanyamuka mwezi ukangooneka, mufika nthawi ilipo. Mukafika musadzadabwe akapanda kukuyang'anani, mwina adzayamba kuuza khoma za mvula. Inu mudzangokhala pansi, ine ndidzathira madzi pamwala woperera, mpukutu ndidzafunyulula. Kamunthuko kadzayang'ane kuti, kunyumba kapena kumsewu, zimenezo ndi zanu, ine sindilowererapo. Koma ngati mtima wanu wakana, ndiuzeni msanga kudzera mwa a Cheng omwewa, kuti ndileke kudzidzimuka ndi bwato lililonse loima padoko, komanso ndidziwe chowayankha akamafunsa za madzi a mtsinje.

Mundiperekere moni kwa mlamu wanga, mumuuze kuti nsapato anasokera Ayun zathina kale, mwana akukula ngati mphukira ya nsungwi. Moni kwa ana anu onse, kwa azakhali a kumunda wa tiyi, kwa amalume a kutsidya ndi akazi awo, ndi kwa asuweni onse mmene aliri. Mukapita kumanda a mayi mukafukizepo lubani m'dzina langa, mukawauze kuti amuna awo ndikuwasamala mmene ndingathere, ngakhale kuuma mutu sanasiye. Alamu anu akupereka moni, ati chipinda cha pamwamba pa sitolo achotsamo kale matumba. Ayun akuti amalume ake sakuwadziwa nkhope.

Bambo sanapereke moni. Koma lero m'mawa nditayala pepala ili patebulo, ndinawanamiza kuti ndikulemba kalata ya alamu anu ya malonda a tiyi. Bambo anakoka mwala, anafufuza kamtsuko ka madzi ndi dzanja, n'kuyamba kupera inki, chinthu chimene chibadwire changa sindinawaonepo akuchitira munthu. Anapera nthawi yaitali, mpaka inachita bii. Ndiyo imene mukuwerengayi. Pondikankhira mwalawo anati ulembe zilembo zikuluzikulu, utsi umawononga maso a munthu.

Tsalani bwino kufikira ndidzakuoneni padoko,
ndine mlongo wanu wokukondani,
Shulan